Mapulaneti 6,000 okha, ndiye akuti nyenyezi iliyonse ili ndi ake?

Kadzidzi_wa_Usiku
Abale anga, pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere, odziwa mundithandize. Ndakhala ndikumva kuti pafupifupi nyenyezi iliyonse kumwambaku ili ndi mapulaneti ake, monga mmene dzuwa lathu lilili ndi ake 8. Koma ndikafufuza mapulaneti amene asayansi awatsimikizira kuti akuzungulira nyenyezi zina, ndikupeza kuti alipo pafupifupi 6,000 basi. Mlalang'amba wathu wa Milky Way pawokha uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni. Ndiye munthu wapeza 6,000, n'kuyamba kulankhula za mabiliyoni? Ine ndikuona kuti akukokomeza. Ngati pali pamene ndikuphonya, ndiuzeni.

Mphenzi
Akukokomezadi amenewo. Chinthu chimene sunachione ungachiwerenge bwanji?

Aphunzitsi_a_Fizikisi
A Kadzidzi, funso lanu ndi labwino, ndipo yankho lake lagona pa mmene mapulaneti amenewa amapezekera. Mundipirire, ndilemba motalikirapo.

Ambiri mwa 6,000 amenewo palibe anawajambula. Mu 2009 bungwe la NASA linatumiza kuthambo telesikopu yotchedwa Kepler. Kwa zaka zinayi inangoyang'anitsitsa kachigawo kamodzi ka thambo, cha kumene kuli magulu a nyenyezi a Cygnus ndi Lyra, n'kumayeza kuwala kwa nyenyezi pafupifupi 150,000 usana ndi usiku. Pulaneti likadutsa pakati pa nyenyezi yake ndi ife, kuwalako kumatsika pang'ono kwa maola angapo kenako n'kubwereranso. Zikabwerezabwereza pa nthawi yofanana, amadziwa kuti pali chinthu chikuzungulira. Pulaneti lalikulu ngati Jupiter limachepetsa kuwala kwa nyenyezi yonga dzuwa ndi gawo limodzi mwa magawo 100. Laling'ono ngati dziko lathu limachepetsa ndi gawo limodzi lokha mwa magawo pafupifupi 12,000.

Tsono mfundo yaikulu nayi. Kuti tione kudutsako, njira ya pulanetilo iyenera kukhala itatiloza ife ndendende. Ikapendekeka pang'ono chabe, pulanetilo limadutsa cha kumtunda kapena cha kumunsi kwa nyenyeziyo ndipo ife sitiona kanthu. Kwa pulaneti lokhala pa mtunda ngati wa dziko lathu kuchokera ku nyenyezi yonga dzuwa, mwayi woti njirayo itiloze ndi umodzi pa 200. Apa palibe kulota, ndi masamu a makona amene aliyense angathe kuwabwereza. Ndiye mukapeza limodzi la mtundu umenewo, dziwani kuti alipo ena pafupifupi 200 amene anabisika chifukwa cha kupendekeka kokha. Kepler inapeza oposa 2,600 m'mikhalidwe yovuta chotere. Mukawerengera obisikawo, komanso ang'onoang'ono amene makinawo ankalephera kuwazindikira, mumapeza kuti mapulaneti ndi ochuluka mofanana ndi nyenyezi zimene, mwinanso kuposa.

Mphenzi
Aphunzitsi, kuwala kwa nyenyezi kungatsike pa zifukwa zambiri. Mwadziwa bwanji kuti ndi pulaneti?

Aphunzitsi_a_Fizikisi
Zoona a Mphenzi, ndipo ambiri amene poyamba ankaoneka ngati mapulaneti anakanidwa atawaunika bwino. Ena anapezeka kuti ndi nyenyezi ziwiri zimene zimaphimbana. N'chifukwa chake pali mndandanda wa ongoganiziridwa ndi mndandanda wa otsimikizika, ndipo 6,000 aja ndi a mndandanda wachiwiriwu. Njira imodzi yotsimikizira ndi kuyeza kugwedera kwa nyenyeziyo. Pulaneti limakoka nyenyezi yake monga mmene nyenyeziyo imalikokera. Jupiter amagwedeza dzuwa pa liwiro la mamita pafupifupi 12 pa sekondi, dziko lathu masentimita 9 okha pa sekondi. Kugwedera kumeneku kumaonekera m'mitundu ya kuwala kwa nyenyeziyo. Njira ziwirizi zikagwirizana pa masiku amene chinthucho chimatenga kuti chizungulire, mpata wokayika umachepa kwambiri.

Dontho
Ndiwonjezereko kamodzi. Pali njira yachitatu imene sidalira kudutsa kapena kugwedera. Nyenyezi ikadutsa kutsogolo kwa inzake yakutali, mphamvu yake yokoka imapinda kuwala kwa yakutaliyo moti imaoneka yowala kwambiri kwa masiku kapena milungu. Ngati ya kutsogoloyo ili ndi pulaneti, pamabwera kuthwanima kwina kwakufupi pamwamba pa kuwalako. Mu 2012 gulu lotsogoleredwa ndi Arnaud Cassan linafalitsa zotsatira za njira imeneyi m'magazini ya Nature, ndipo linapeza kuti tikagawa mofanana, nyenyezi iliyonse ya mu Milky Way ingalandire pulaneti limodzi kapena kuposa. Chimene chimanditsimikizira ine n'chakuti njira imeneyi imagwira mapulaneti a kutali ndi nyenyezi zawo, pamene Kepler inkagwira a pafupi. Anthu osiyana, makina osiyana, mapulaneti osiyana, koma onse akuloza kumodzi.

Mayi_a_Awiri
Pepani kulowerera. A Kadzidzi mwati dzuwa lili ndi mapulaneti 8. Ife kusukulu tinaloweza 9. Linalo linapita kuti? Mwana wanga ananditsutsa pa nkhani yomweyi ndipo mpaka lero sitinagwirizane.

Chiphaliwali88
Mayi, mwanayo akunena zoona. Pluto alipobe, akuzungulirabe dzuwa monga kale. Mu 2006 akatswiri a zakuthambo anakumana ku Prague n'kugwirizana kuti chinthu chizitchedwa pulaneti ngati, kuwonjezera pa kuzungulira dzuwa ndi kukhala chobulungira, chinasesanso njira yake n'kukhala cholamulira m'menemo. Pluto ali m'dera lodzaza ndi zinthu zina za madzi oundana, ndipo chaka cha 2005 anali atapeza china chotchedwa Eris, cholemera kumuposa. Zikanakhala kuti Pluto watsala pa mndandanda, bwenzi ana akuloweza ambirimbiri.

Mayi_a_Awiri
Zikomo achimwene. Komabe kwa ine anamulakwira. Chinthu chimene chili ndi miyezi yake isanu, chili ndi mapiri, chili ndi mpweya, n'kuchichotsa chifukwa cha anansi ake?

Chiphaliwali88
Simuli nokha Mayi, alipo akatswiri ena amene amatsutsabe chigamulo chimenechi mpaka pano.

Kadzidzi_wa_Usiku
Za Pluto tiyambitsire ulusi wake, abale. Aphunzitsi ndi a Dontho, ndamva ndipo masamu a 1 pa 200 andigwira mtima. Koma taonani mawu amene a Dontho agwiritsa ntchito: tikagawa mofanana. Zimenezo n'zosiyana ndi kunena kuti nyenyezi iliyonse ili ndi pulaneti. Ina ikhoza kukhala ndi 7, zina zisanu n'kukhala zopanda ngakhale limodzi.

Dontho
Pamenepo mwalasa. Zilipodi zokhala ndi ambiri. Nyenyezi ya TRAPPIST-1 ili ndi 7, Kepler-90 ili ndi 8 ofanana chiwerengero ndi a dzuwa. Ndipo alipo malo amene anafufuza n'kubwerako chimanjamanja. Telesikopu ya Hubble inayang'ana nyenyezi pafupifupi 34,000 za m'chimulu chakalekale cha nyenyezi chotchedwa 47 Tucanae, kufuna mapulaneti akuluakulu ozungulira pafupi, ndipo sinapeze ngakhale limodzi. Nyenyezi za kumeneko n'zothinana komanso zili ndi chitsulo chochepa ndi zinthu zina zolemera zochepa. Zadziwika kuti nyenyezi zokhala ndi zinthu zolemera zambiri n'zimene kawirikawiri zimakhala ndi mapulaneti akuluakulu ngati Jupiter. Choncho amene amati "iliyonse" akulankhula mothamanga. Koma kunena kuti nyenyezi zambiri zili nawo, chimenecho chili ndi umboni.

Gogo_wa_Mabuku
Ana anga, ine ndakalamba ndikuwerenga nkhani zimenezi, ndipo ndikufuna mudziwe kuti zimene mukukambirana mosavutazi, dzana lomweli zinali zosadziwika. Pamene ndinali mnyamata panalibe ngakhale pulaneti limodzi lodziwika kunja kwa banja la dzuwa.

Kale, akatswiri awiri, Immanuel Kant mu 1755 ndi Laplace mu 1796, anaganiza kuti dzuwa ndi mapulaneti zinabadwa pamodzi kuchokera mu mtambo wozungulira wa mpweya ndi fumbi. Zikanakhala choncho, ndiye kuti mapulaneti ali paliponse. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunabwera maganizo ena, amene mmodzi mwa owalimbikitsa anali James Jeans, akuti nyenyezi ina inadutsa pafupi ndi dzuwa n'kulizomola mpweya umene unadzasanduka mapulaneti. Nyenyezi n'zotalikirana kwambiri moti kukumana kotere n'kosowa zedi. Amene ankakhulupirira zimenezi ankaona kuti banja la dzuwa ndi ngozi yochitika mwa kamodzikamodzi. Maganizowa anagwa pamene masamu anaonetsa kuti mpweya wotentha wozomoledwa choncho ungangomwazika osaumbika.

Kenako kunabwera katswiri wa zakuthambo Peter van de Kamp, amene m'ma 1960 analengeza kuti waona nyenyezi ya Barnard ikugwedera chifukwa cha mapulaneti akuluakulu. Anadzipereka pa ntchitoyi zaka zambiri, koma pambuyo pake zinapezeka kuti kugwederako kunkachokera m'telesikopu yake imene inakonzedwapo. Nkhani imeneyi inachititsa akatswiri ambiri kuopa kulengeza za mapulaneti.

Oyamba otsimikizika anapezeka mu 1992 ndi Aleksander Wolszczan ndi Dale Frail, ndipo anali pamalo amene palibe akanayembekezera, akuzungulira chitsa cha nyenyezi imene inaphulika kalekale. Mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz, akugwira ntchito pa telesikopu ya ku Haute-Provence ku France, anapeza lina likuzungulira nyenyezi yonga dzuwa, 51 Pegasi. Lolemera pafupifupi theka la Jupiter, koma lomaliza ulendo wake m'masiku anayi okha! Jupiter wathu amatenga zaka 12. Ambiri sanakhulupirire mpaka gulu lina litatsimikizira. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Ndiye a Kadzidzi, 6,000 amene mukuwachepetsawo apezeka m'zaka zongopitirira 30.

Kadzidzi_wa_Usiku
Zikomo Gogo. Sindikuwachepetsa ayi, ndimangofuna kuti mawu asapitirire umboni.

Mtumiki_Wamng'ono
Ine nkhani imeneyi imandidetsa nkhawa. Malemba amanena za dziko limodzi limene Mulungu anaikapo munthu. Tikayamba kunena za maiko mabiliyoni, kodi sitikuchepetsa malo a munthu m'chilengedwe?

Mayi_a_Awiri
A Mtumiki, inenso ndine wopemphera, koma sindikuona chotsutsana. Amene analenga nyenyezi zosawerengeka angalephere kuziikira mapulaneti? Ine zikundionjezera mantha aulemu.

Mphenzi
Tisalowetse chipembedzo, ulusi ungathere pomwepa.

Mtumiki_Wamng'ono
Sindikufuna mkangano a Mphenzi. Ndafunsa chifukwa achinyamata amandifunsa ndipo ndimafuna kuwayankha moona. Funso langa lenileni ndi ili: pa 6,000 amenewa, pali pamene apeza zamoyo?

Aphunzitsi_a_Fizikisi
A Mtumiki, palibe ngakhale pamodzi. Achinyamatawo muwauze zimenezo mosaopa. Kuchuluka kwa mapulaneti ndi nkhani imodzi, moyo ndi nkhani ina. Mukamva kuti pulaneti lili m'dera loyenera zamoyo, tanthauzo lake n'lakuti lili pa mtunda woti madzi angathe kukhala osaundana kapena kuphwa, ngati lili ndi mpweya woyenera. Basi. Venus ndi wofanana kukula ndi dziko lathu ndipo ndi mnansi wathu, koma pansi pake pamatentha madigiri oposa 460. Wina akanamayang'ana dzuwa ali kutali, akanalemba Venus ndi dziko lathu ngati mapasa.

Ndege_ya_Usiku
Nanga zija anthu amajambula zikuuluka usiku zija? Ngati mapulaneti ndi mabiliyoni, n'zosatheka kuti palibe amene amatichezera.

Chiphaliwali88
Achimwene, ganizirani mtunda wake. Nyenyezi yapafupi kwambiri ndi dzuwa ndi Proxima Centauri, ndipo mu 2016 anapezako pulaneti lolemera mofanana pang'ono ndi dziko lathu, lozungulira m'masiku 11. Kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka zoposa zinayi kuti kutifike. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977 ndipo chimathamanga makilomita 17 pa sekondi, chingatenge zaka zoposa 70,000 kuyenda mtunda wotere. Ameneyo ndi mnansi wa khomo ndi khomo. Chithunzi chosaoneka bwino cha kuwala kouluka si umboni wa alendo.

Ndege_ya_Usiku
Iwo akhoza kukhala ndi luso loposa lathu.

Chiphaliwali88
Akhoza. Koma "akhoza" ndi "abwera" ndi mawu awiri otalikirana.

Nthanda_ya_M'mawa
Ndibwezeretseko ku funso la a Kadzidzi, chifukwa pali mbali imene sinatchulidwe bwino: chifukwa chake mapulaneti ayenera kukhala ambiri. Nyenyezi imabadwa mtambo wa mpweya ndi fumbi ukamadzikokera pakati. Mtambowo umakhala ukuzungulira pang'ono, ndipo ukamachepa umazungulira mothamanga, moti zinthu zina sizigwera pakati koma zimayalana mopyapyala kuzungulira nyenyezi yatsopanoyo. M'menemo tifumbi timamatana, timiyala timakula, mpaka mapulaneti. Zimenezi kale zinali za m'mabuku, koma mu 2014 matelesikopu a ALMA a m'chipululu cha Atacama ku Chile anajambula kanyenyezi kakhanda kotchedwa HL Tauri, ndipo chithunzicho chinaonetsa mizere yowala ndi mipata yakuda yozungulira. Mu 2018 akatswiri ena, ndi telesikopu ina ya ku Chile komweko, anajambula pulaneti limene likadali kukula mkati mwa mpata wotere pa nyenyezi ya PDS 70. Nyenyezi zambiri zazing'ono msinkhu zimapezeka zili ndi fumbi lozungulira lotere. Ndiye mapulaneti ndi zotsalira za kubadwa kwa nyenyezi. Chodabwitsa chikanakhala kuwapeza ali osowa.

Ine chimene chinandikopa pa nkhani zimenezi ndi tsiku limene mnzanga anandibwereka katelesikopu kake ndipo ndinaona Jupiter ali ndi timadontho tinayi pambali pake. Mawa lake tinali titasintha malo. Galileo anaona timadontho tomweto, timene ndi miyezi ya Jupiter, mu 1610. Ngakhale pulaneti lili ndi banja lake lolizungulira.

Wowerenga_Madontho
Amene akukayikirabe akayesere okha. Pali ntchito ya pa intaneti yotchedwa Planet Hunters imene anthu wamba amathandiza kuyang'ana mizere ya kuwala kwa nyenyezi, poyamba ya Kepler, tsopano ya telesikopu ya TESS imene inakwera mu 2018. Ine ndimachitako madzulo ndikaweruka. Nthawi zambiri umangoona mzere wosokonekera wopanda kanthu, maso mpaka kuwawa. Koma ukakumana ndi kadzenje kooneka bwino, n'kukapezanso kena kofanana nako patsogolo, thupi limachita tsemwe. Ndinaphunziramo kuti ntchito imeneyi ndi yovuta ndiponso kuti amakana zambiri kuposa zimene amavomereza.

Kadzidzi_wa_Usiku
Chabwino, tinene kuti mapulaneti ndi ambiri. Nanga mabanja ofanana ndi lathuli, ang'onoang'ono amiyala mkati, akuluakulu ampweya kunja, onse oyenda m'njira zotakasuka? Amenewo ndi angati?

Aphunzitsi_a_Fizikisi
Apa ndi pamene nkhani imakoma. Mabanja ambiri amene apezeka safanana ndi lathu. Mtundu wa pulaneti umene Kepler inaupeza wochuluka kwambiri ndi wa pakati pa dziko lathu ndi Neptune kukula kwake, ndipo dzuwa lilibe ngakhale limodzi la mtundu umenewo. Ambiri ndi othinana pafupi ndi nyenyezi zawo. Mercury wathu amazungulira dzuwa m'masiku 88 ndipo mkati mwa njira yake mulibe kanthu, pamene mapulaneti onse 7 a TRAPPIST-1 angakwane m'menemo n'kutsalanso malo ambiri. La mkati limazungulira m'tsiku limodzi ndi theka, la kunja kwenikweni m'masiku 19. Palinso Kepler-16b limene limazungulira nyenyezi ziwiri nthawi imodzi, ndi ena oyendayenda okha mumdima opanda nyenyezi.

Nthanda_ya_M'mawa
Aphunzitsi, pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono, chifukwa wina angamve ngati banja lathu ndi lachilendo. Ukonde wa maso akuluakulu umakola nsomba zikuluzikulu zokha, ndipo mwini wake sanganene kuti m'madzimo mulibe zing'onozing'ono. Kepler inayang'ana dera lija zaka zinayi, ndipo pamafunika kuona kudutsa katatu kuti ukhulupirire. Pulaneti ngati Jupiter la zaka 12, kapena Saturn la zaka 29, likanapezeka bwanji? Neptune amatenga zaka 165. Titaika makina athu omwewa pa nyenyezi ina n'kuyang'ana dzuwa, mwina tikanapeza Jupiter yekha chifukwa cha kugwedera, ena onse n'kutiphonya. Tikuona mabanja othinana chifukwa ndi amene makina athu amatha kuwaona.

Aphunzitsi_a_Fizikisi
Achemwali, mfundo yanu ndi yoona pa mapulaneti akutali. Koma siifafaniza zonse. Mapulaneti apakatikati ozungulira pafupi aja timatha kuwawerenga bwino, ndipo nyenyezi zambiri zonga dzuwa zili nawo pamene dzuwa lilibe. Kusiyana kumeneko sikuchokera ku makina. Komanso kuyeza kugwedera kwachitika zaka zokwanira kugwira anzake a Jupiter, ndipo akupezeka pa nyenyezi zochepa, osati zambiri.

Nthanda_ya_M'mawa
Zochepa pa mabiliyoni zikadali zambirimbiri.

Dontho
Musaiwalenso kuti dzuwa lenilenilo si nyenyezi wamba. Pafupifupi zitatu mwa nyenyezi zinayi zilizonse mu Milky Way ndi zazing'ono, zofiira, zozizirirapo, zosaoneka ndi maso. Proxima ndi TRAPPIST-1 ndi za mtundu umenewu. Zimakhala ndi mapulaneti amiyala ambiri, koma zimakonda kulavula malawi amphamvu amene angathe kukokolola mpweya wa pulaneti lapafupi. Telesikopu ya James Webb itayeza kutentha kwa pulaneti la mkati la TRAPPIST-1 mu 2023, zinaoneka kuti lilibe mpweya wochindikala. Ngati nyenyezi zofiirazi zimasiya mapulaneti ake ali miyala yokhayokha, chiwerengero cha malo abwino chitsika kwambiri ngakhale mapulaneti akhale ochuluka chotani.

Mphenzi
Ndiye mwavomereza kuti zambiri ndi zongoganizira.

Dontho
Ayi a Mphenzi. Zoti mapulaneti ndi ochuluka zinayezedwa. Zoti ali ndi mpweya wotani n'zimene zikuyezedwa panopa, limodzi ndi limodzi.

Kadzidzi_wa_Usiku
Ndatsala ndi chimodzi. Zonse mwatchulazi ndi za mu Milky Way. Koma anthu amati chilengedwe chonse chadzaza mapulaneti, pamene milalang'amba ilipo mabiliyoni ambirimbiri. Alipo amene anatsimikizira pulaneti mu mlalang'amba wina?

Aphunzitsi_a_Fizikisi
Otsimikizika onse ndi a mu Milky Way, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'dera lathu lomwe lino la mlalang'ambawu. Mu 2021 gulu lina linalengeza chizindikiro chimene chingakhale pulaneti mu mlalang'amba wa M51, koma chinaoneka kamodzi kokha ndipo chikadali pa mndandanda wa ongoganiziridwa. Chimene timadalira ponena za milalang'amba ina n'chakuti kuwala kwa nyenyezi zake kumaonetsa zinthu zomwe zili kuno, haidrojeni, kaboni, okosijeni, chitsulo, ndipo nyenyezi zake zimabadwa m'mitambo ya mpweya ndi fumbi monga zathu. Kumeneko ndi kulingalira kochokera pa zimene tayeza kuno, ndipo muli ndi ufulu wokusiyanitsa ndi kuwerenga kwenikweni.

Kadzidzi_wa_Usiku
Ndikusiyanitsadi. Za Milky Way ndazilandira, kupatula mawu oti "iliyonse". Za milalang'amba ina ndidikira.

Nthanda_ya_M'mawa
A Kadzidzi, pa funso lanu lija la mabanja onga lathu, muzitsatira zotsatira za Gaia. Telesikopu imeneyi ya bungwe la ku Ulaya loona zakuthambo la ESA inakwera mu 2013 ndipo inatha zaka zoposa 10 ikuyeza malo enieni a nyenyezi zoposa biliyoni imodzi. Njira yake ndi yomwe ija van de Kamp anayesa, yoona nyenyezi ikusuntha uku ndi uku pathambo, ndipo imagwira bwino mapulaneti akuluakulu a njira zotakasuka, amene Kepler inkawaphonya. Aphunzitsi, zikadzatuluka zonse tidzabwerere pa ulusi uno tidzaone ngati anzake a Jupiter alidi ochepa monga mukunenera.

Aphunzitsi_a_Fizikisi
Ndavomera achemwali. Mudzanditchule.